Madzi a M'botolo ku Lincoln

Keturah anafika pamwamba pa chitunda cha ku Lincoln miyendo ili ngati yobwereka. Sabata yonse anali akunyamula nkhalamba kunyumba yosamalira okalamba ku Leicester, ndiye tsiku lake limodzi lopuma n'kumalithera pa chitunda. Koma akanatani? Amayi ake anali atabwera kuchokera ku Dedza, ndipo masabata atatu anali atatha osatchulako za maliro a bambo ake. Maliro amenewo, omwe anachitika zaka ziwiri zapitazo, Keturah sanapiteko, mapepala ake omuloleza kukhala m'dziko la azunguli anali asanatuluke. Kukhala chete kwa amayiko kunkamupweteka kuposa msana.

Anawadutsitsa m'timisewu tamiyala, pakati pa tinyumba takale totsamirana ngati zidakwa. Amayi ankangoti, "Eya."

Atalowa m'tchalitchi chachikulu chakalekale cha pamwamba pa chitundacho, Keturah analoza kudenga, poganiza kuti kutalika kwake kuwatsegula pakamwa. Iwo anayang'ana pansi.

"Mayina alembedwa pamiyalapa ndi a ndani?"

"Ndi anthu amene anaikidwa momwemu, amayi."

"Ndiye tikuponda manda?"

"Kuno ndi normal. Aliyense amaponda."

Amayi anamangitsa chitenje pamwamba pa jekete, nayamba kuyenda cham'mbali, kulambalala mwala uliwonse wokhala ndi dzina, uku akuomba m'manja chapansipansi. Azungu a makamera ankawapatukira. Keturah anachita manyazi, kenako anadzida chifukwa cha manyaziwo. Iye anali ataponda kale manda anayi.

Potuluka, amayi anaima pachipata natulutsa botolo la madzi m'chikwama. Kwawo munthu sabwerako kumanda osasamba m'manja. Atasamba anati, "Bweretsa manja."

"Amayi, sitima yobwerera ku Leicester itisiya. Komanso kukuzizira."

"Tsiku tinaika bambo ako, beseni linakhala pakhomo mpaka dzuwa kulowa. Onse anasamba. Ine ndinakaniza kutaya madziwo, ndimati mwina utulukira."

Keturah anafuna kufotokoza za mapepala. Mawu ake anali atawakonza kwa zaka ziwiri. Koma anangotambasula manja.

Madziwo anali ozizira koopsa. Amayi anathira pang'onopang'ono mpaka botolo lonse linatha, kenako anamupukuta ndi nsonga ya chitenje, chala chilichonse pachokha, monga ankachitira iye ali mwana.

"Basi, wabwerako kumaliro," anatero. "Tiye, sitima ija."