Juwisi wa Eni

Pa chithunzi chimene mkamwini anawaonetsa asananyamuke, sitima yapamadzi ija inali ndi matebulo osefukira ndi zakudya. Atakwera, Mayi anadzionera okha kuti wojambulayo analibe manyazi. Supu anali madzi otentha chabe, nkhuku inkatuluka magazi pafupa, ndipo operekera zakudya ankayenda ngati achita kuwakakamiza. Koma ulendowo unali mphatso ya mkamwini, ndiye Mayi ndi amuna awo, amene aliyense ankawatchulabe kuti Aphunzitsi ngakhale anapuma ntchito kalekale, ankangomeza n'kumathokoza.

Chimene mwana wawo wachisamba ndi mwamuna wakeyo sankadziwa n'chakuti Aphunzitsi anali atayamba kudzibaya jakisoni wa shuga. Anawalumbiritsa Mayi kuti asauze ana, ati akadziwa ayamba kuwagwira ngati dzira. Kunyumba zinalibe vuto, chifukwa iwo akamabaya, Mayi amakhala atapakula kale. Chizolowezi chomwecho anakwera nacho m'sitima. Belu la nkhomaliro litangolira, anabaya kuchipinda kwawo n'kukwera kodyera, ali ndi chikhulupiriro chonse kuti belu likalira ndiye kuti chakudya chapsa.

Patebulo panali mafoloko ndi nsalu zopinda bwino basi. Ngakhale buledi panalibe.

Anadikira. Mkamwini ankafotokoza za kukula kwa injini ya sitimayo, wachisamba akujambula nyanja pawindo. Mayi maso anali pa dzanja la amuna awo. Linayamba kunjenjemera pang'ono, ndipo Aphunzitsi analibisa pansi pa tebulo. Kenako thukuta linatuluka pamphumi, chonsecho m'chipindamo munkazizira. Shuga anali atayamba kutsika m'thupi mwawo.

Mayi anapapasa pambali pa mpando kufuna chikwama chawo. Chikwamacho, ndi maswiti amene ankayenda nawo nthawi zonse, chinali kuchipinda. Wachisamba ndiye anawauza kuti achisiye, ati n'chothaitha ndipo chiwononga zithunzi. Chipindacho chinali pansi penipeni, ndipo chikepe chinafa tsiku lomwe ananyamuka.

Anakodola woperekera zakudya. "Achimwene, tithandizeni ndi shuga pang'ono, kapena juwisi."

"Zakumwa zimabwera pamodzi ndi chakudya, mayi. Tebulo lino si langanso." Anadutsa osaima n'komwe.

"Musavutike, amayi," anatero mkamwini, nkhope ili yamanyazi. "Ndikalankhula ndi bwana wawo tikatha kudya."

"Palibe vuto, apongozi," anayankha Aphunzitsi. "Tili bwino kwa... kwambiri."

Lilime linali litayamba kulemera. Mayi anawagunda ndi bondo, iwo n'kuwayang'ana ndi diso lija lakuti musayerekeze. Mantha a Mayi anasakanikirana ndi mkwiyo. Munthu wamkulu, wophunzitsa ana a eni moyo wake wonse, kulolera kugwa pampando kusiyana n'kuti mkamwini aone kuti mphatso yake yavuta! Anawakwiyira amuna awo, anaikwiyira sitima, n'kudzikwiyiranso okha chifukwa cholumbira zopusa.

"Ababa, mwatopa?" anafunsa wachisamba, maso akadali pafoni.

Aphunzitsi ankayang'ana foloko ngati sakuidziwa ntchito yake, mutu ukupendekera kumanzere.

Patebulo loyandikana nalo panali mzimayi wina wa zibangili zambiri, amene anali atabwera ndi juwisi wake kuchokera ku bala ya m'sitimamo. Anali atamwako pang'ono, ndipo pagalasi panali chidindo cha milomo yake yofiira. Mayi, amene chibadwire sanatolepo ngakhale singano ya munthu, anaimirira, n'kupita, n'kunyamula galasilo.

"Pepani," anatero, akutembenuka kale.

Mzimayiyo anakuwa. Mipando inakwekwereka, anthu anatembenuka, ndipo woperekera zakudya uja, amene miyendo inkamulemera, anafika akuthamanga. Wachisamba anawagwira Mayi pamkono.

"Amayi, mukutani? Mukutichititsa manyazi pamaso pa anthu."

"Ndisiye. Gwira mutu wa bambo ako."

"Amayi..."

"Ali pa jakisoni wa shuga. Abaya, ndipo sanadye kanthu. Gwira mutuwo."

Foni inagwera pansi. Wachisamba anachirikiza mutu wa bambo ake, mkamwini n'kuwagwira mapewa kuti akhale mowongoka. Mayi anayika galasi pamlomo pa amuna awo. Juwisi woyamba anatsikira pachibwano mpaka pakolala ya malaya oyera.

"Mezani, Aphunzitsi. Ndikukupemphani, mezani."

Kholingo linayenda. Linayendanso. Mayi anapitiriza kuwamwetsa pang'onopang'ono mpaka galasi linatha, ndipo mzimayi wa zibangili uja anatulutsa chokoleti m'chikwama chake n'kuyika patebulo.

Panapita kanthawi maso a Aphunzitsi asanabwerere. Atabwerera, anaona malaya othimbirira, anthu atawazungulira, mkamwini atazolika, ndi mwana wawo akulira.

"Kuyambira liti, ababa?" anafunsa wachisamba. "Ine ndine mlendo kwa inu?"

Aphunzitsi anatembenukira kwa akazi awo, mawu ali otsika.

"Munalumbira, mayi."

Mayi anakhala pampando. Anamatula chokoleti chija n'kuwapatsa m'dzanja.

"Ndinalumbiradi," anatero. "Kwiyani mmene mungathere, ndikhala ndikukumvani. Koma yambani mwadya."