Mlamu Wanga ndi Mphuno ya Galimoto

Mwamuna wa mlongo wanga timamutcha Chiphaliwali. Sipanala ndi supuni sazisiyanitsa, koma akangoonera timakanema ta pafoni amasanduka injiniya. Ine ndagwira ntchito ya umakaniko zaka makumi awiri, komabe wondiphunzitsa ndi iyeyo.

Galimoto imene amanyada nayo si yake. Anatisiyira ndi malemu bambo, ndipo ntchito yake yeniyeni ndi kutengera amayi kuchipatala Lachiwiri lililonse, poti miyendo yawo imatupa, minibasi sangakwere.

Lachiwiri lina m'mawa anafika nayo pagalaja ikukokedwa ndi chingwe.

"Alamu, yangozima yokha," anatero akukanda m'mutu.

Nditatsegula boneti, fungo linandilasa mpaka ndinalavula. Bokosi la fyuluta ya mpweya munalibemo. M'malo mwake munali paipi yapulasitiki, ya m'bafa yeniyeni, yotsika mpaka kuseri kwa bampala, kungotsala pang'ono kukhudza msewu.

"Ichi n'chiyani?"

"Imabanika, alamu. Mpweya wozizira uli pansipo. Mukanamva kulira kwake!"

"Mwadzera kuti?"

"Njira yachidule, kuseri kwa msika."

Mayo ine! Kuseri kwa msikako paipi ya zimbudzi inaphulika sabata yatha, msewu wonse ndi chithaphwi cha zonyansa. Anthu amadutsa atatsina mphuno, iye anakaviikamo mphuno ya galimoto. Ndinamasula mapulagi n'kupukusa injini ndi dzanja. Inalavula madzi obiriwira, ena n'kundigwera pamlomo, kenaka inakakamira. Chitsulo cha pisitoni chinali chitapindika, injini yatha basi.

"Komatu sefa ndinaika," anatero, wopanda ndi manyazi omwe.

Ndinapisa dzanja kukamwa kwa paipiyo n'kusolola kansanza koterera komangidwa ndi waya. Nditakatsuka pampopi ndinakazindikira. Inali sokosi yothina ya amayi, ija dokotala anawapatsa kuti mwendo usamatupe. Sabata yonse akhala akuifunafuna, mpaka kumukalipira mlongo wanga kuti sasamala pochapa. Mlamu wangayu amamva zonsezo ali phee patebulo, akutafuna.

Sindinamumenye. Ndinanyansidwa naye moti ngakhale kumukhudza sindinafune.

Pomwepo foni inalira m'thumba la ovolosi. Anali amayi.

"Mwananga, ine ndavala kale, ndili pakhonde ndi kabuku kanga kakuchipatala. Mwendowu lero wavuta, nsapato yakana kulowa. Galimoto ili pati?"

Ndinamugwiritsa Chiphaliwali foniyo dzanja limodzi, sokosi yonyowa ija dzanja linalo.

"Auzeni nokha mmene ikupumira tsopano."