Maggie Avala Jekete la Bwanamkubwa

Aphunzitsi a pasekondale ina ku Euthini anakonza sewero la tsiku la makolo. Linali la bwanamkubwa wa Chipwitikizi amene kalekale ankatsogolera asilikali m'mbali mwa Zambezi, n'kumalanda anthu mabwato kuti awolotse gulu lake lankhondo. Gregory, amene ankasewera bwanamkubwayo, anadwala malungo. Wodziwa mawu ake onse anali Maggie yekha, mphunzitsi wa mbiri yakale amene analemba sewerolo.

Vuto linali pa nkhalamba yopalasa bwato. Mbali imeneyi anatenga a Zondwayo a m'komiti ya makolo, omwe ndi apongozi ake a Maggie. Chikwatiwire kuchokera ku Kasungu, Maggie anali asanawalankhulepo ali chilili. Lero ankayenera kuwakalipira kuti agwade, abale onse a mwamuna wake akuonerera.

Anapemphera mwachidule kuseri kwa kalasi, navala jekete lofiira, natenga lupanga la katoni.

"Bwato ili ndi la yani?" anafunsa atafika pabwalo. Mawu anatuluka otsika, ndipo mwachizolowezi anayamba kugwada. Pabenchi la azilamu ake panamveka manong'onong'o.

A Zondwayo anayankha zimene munalibe m'sewero.

"Bwana, mwaoloka nyanja zonsezo kudzandinong'oneza? Kwathu kuno tambala wa chitopa amalira kuposa pamenepo. Khutu ili linafa, mbwenu kwezani mawu chomene!"

Anthu anafa nacho chiseko. Maggie anaona kuti nkhalambayo yatembenuzira nkhope kunsalu yabuluu imene inkaimira mtsinje, kuti maso awo asakumane. Anawongoka, nakweza lupanga.

"Gwada pansi, nkhalamba iwe! Bwatoli ndi la mfumu ya ku Lisbon kuyambira lero!"

A Zondwayo anagwada pang'onopang'ono, atatsamira nkhafi. Sewero linayenda mpaka kumapeto, ndipo azilamu aja ndiwo anayamba kuimba nthungululu.

Anthu akubalalika, Maggie anavula jekete, namanga chitenje, nakagwada chapatali ndi pamene anakhala apongozi ake.

"Adada, mundikhululukire."

"Mwalakwanji, amama? Inu ndangokuonani pompano." Anasuzumira uku ndi uku. "Mpwitikizi uja wapita?"

"Wapita, adada."

"Yewo. Akadzabweranso chaka chamawa mudzamuuze kuti bondo langa lakumanzere limavuta. Adzandiyalireko kamkeka."