Mapedo Atatu pa Chitseko cha Kabati

Trust ankaimba gitala mu bandi ya m'maukwati ku Thambani. Kwa zaka ndithu ankasirira timakina toponda ndi phazi tosintha mawu a gitala, tomwe oimba amati mapedo. Atagulitsa mtedza wake anakwera minibasi wa ku Limbe, komwe anapeza mapedo akale ali mbwee pasitolo ina. M'thumba munali mochepa, choncho anawayesa limodzilimodzi n'kusankha atatu: lochunira zingwe, lonenepetsa mawu, ndi lobwereza mawu ngati m'phanga. Lofiira lonyezimira analisiya, mtima ukuwawa.

Mkazi wake Liness anazula chitseko cha kabati yothyoka, awiriwo n'kumangirirapo mapedowo ndi mphira za chubu cha njinga.

Vuto linali moto. Timabatire tinkatha ukwati usanafike pakati. Tsiku lina Trust analumikiza chaja cha wailesi, pedo lochunira lija n'kutulutsa kafungo kakupsa, basi zii.

Ananyamula chitseko chonsecho, chaja ndi gitala n'kupita nazo ku boma kwa a Jamilu, bambo wokonza mafoni pafupi ndi msika.

"A Jamilu, ndapha chinthu changa ndi manja anga."

A Jamilu anamasula pedolo, nalinunkhiza. "Silinafe ili. Kapsa ndi kachitsulo kamodzi. Chaja chanucho chimatumiza moto mozondoka, komanso wambiri."

Anasintha kachitsuloko. Kenako analowa kuseri n'kubwera ndi batire ya njinga yamoto ndi kabokosi kochepetsa mphamvu ya moto, nalumikiza mapedo onse ku chingwe chimodzi.

"Batireyi inali ya mng'ono wanga, njinga anagulitsa. Muziitchaja pa sola. Siilira ng'ung'u ngati jenereta."

Trust anayamba kupisa m'thumba, koma a Jamilu anamugwira mkono.

"Imbani kaye ndimve. Ine zinthu ndimangokonza, eni ake n'kunyamuka, osazimvako zikugwira ntchito."

Analumikiza gitala ku sipika ya m'shopumo. Trust ataponda pedo lobwereza mawu, akabaza awiri anaimitsa njinga, mayi wogulitsa manachesi n'kuyamba kugwedeza mapewa. A Jamilu anangotsinzina, sikuludiraiva ili m'manja.

Loweruka lake ukwati wa ku Kanduku unatha wonse mapedo akuyaka. Trust atafotokoza kunyumba kuti a Jamilu sanalandire ndalama, Liness anathamangitsa tambala wake wamkulu mpaka kumugwira kuseri kwa khola la mbuzi.

"Mawa mukawapatse a Jamilu," anatero akumanga miyendo ya tambalayo. "Koma apite wamoyo, akazinge okha mwachisilamu."