Mbozi Pansi pa Sefa

Roza anaifuna sefa yake pakhonde, kukhitchini, mpaka kuseri kwa chigafa. Ufa unali pamphasa, mitambo ikuda kale kumapiri a Ntchisi. Anakaipeza kuchipinda kwa ana, itavundikira beseni. M'besenimo munali masamba ndi mbozi yobiriwira, yonenepa ngati chala. Pambali pake pumbwa amene mwana wake wamng'ono Solomoni anamugwira ndi ulimbo ankalumphalumpha, ulusi uli kumwendo, diso lili pa mboziyo.

"Tikondwe! Nyumba yanga yasanduka nkhalango eti?"

Mwana wake wa Fomu 2 uja analowa akuthamanga. "Amayi, musavundukule, aidya! Tinaitola kunkhalango ndi a kalabu ya zachilengedwe. Ikasanduka gulugufe ndikaibweza."

"Sefa ndikutenga, mvula siindidikira. Mbalame bola imaimba. Ichi ntchito yake kudya masamba basi. Mbozi zatithera chimanga ku Bowe, iwe n'kumaweta ina?"

"Si mtundu umodzi ndi za m'chimanga, amayi. Zonse ndi tizilombo, koma banja ndi lina."

"Banja! Mbozinso ili ndi achibale?"

"Eya. Pumbwanso ali ndi banja lake, gulu la mbalame zoimba, ndipo aphunzitsi akuti sali pachiopsezo chakutha. Akatswiri anaona kuti ali ponseponse."

"Zimenezo n'zofuna katswiri? Amandithera mapapaya tsiku lililonse. Nanga iyi?"

Tikondwe anayang'ana pansi. "Iyi sakudziwa. Palibe anaifufuzapo. Mwina zilipo zambiri, mwina zikutha. Ikatha palibe angazindikire."

Kunja kunagunda. Roza anayang'ana pakhomo, kenako mbozi ija. Inkangodya tsamba lake, osatukula mutu, ngati munthu amene ntchito yamuchulukira. Pumbwa anakoka ulusi, mlomo n'kugunda pa sefa.

"Iwenso usandisokose," anatero Roza.

Anagwira pumbwayo, n'kudula ulusi ndi mano, n'kumuponya pawindo. Pumbwa anakatera mumtengo wa papaya, momwe anzake anali akudya kale.

"Amayi, Solomoni alira!"

"Alire. Mawa agwira wina, si wati ali ponseponse?"

Anachotsa sefa. Kenako anamasula duku kumutu, nalikuta pabeseni, n'kulimanga ndi ulusi womwewo.

"Nkhuku zisalowe muno. Ndipo dukulo ndikulifuna Lamulungu, uiuze ifulumire."

Madontho oyamba anayamba kulira pamalata. Roza anatuluka mutu uli pamtunda, sefa m'manja.

"Wangoima? Kagwire mphasa uko!"