Msana wa a Khansala

"Mvula isanagwe, mlatho wa pangalande paja ukhala utatha," anatero a Khansala ali pampando wometera, nsalu ili m'khosi. "Ukapanda kutha, ndizidzakuwolotsani ndekha, chobereka kumsana."

Wometa anangoti, "Weramani pang'ono, bwana," n'kupitiriza ntchito yake. Koma mayi Telala, amene anabwera kudzatchajitsa foni, anamva ndipo anasunga.

Shopu yosokera ya mayiwa inali tsidya lina la ngalandeyo. Chikokolokereni matabwa owolokerapo chaka chatha, makasitomala ankaona kuti kuzungulira mpaka kumsewu waukulu chifukwa cha zipi n'kudzizunza. Makina osokera anayamba dzimbiri.

Kale khonsolo inkatumiza anthu ndi mafosholo. Masiku ano ntchito yake akuti ndi kupatsa anthu mphamvu. Choncho anthu anaitanidwa ku holo, napatsidwa mphamvu, botolo la madzi ndi cholembera. Kunasankhidwa komiti ya mlatho, ndipo komitiyo inasankha ina yoona za chikwangwani. Yachiwiriyi ndiyo inagwira ntchito. M'mbali mwa ngalande munaima chikwangwani chachitsulo chochindikala, chachikulu ngati geti la fakitale, cholembedwa kuti MLATHO WA UMODZI, nkhope ya a Khansala ikumwetulira pakati.

Mvula inagwa osafunsa komiti.

Tsiku lotsegulira chikwangwani kunabwera akuluakulu a kukhonsolo ndi wojambula. Ngalande inali itadzaza madzi amatope, mabotolo ndi matewera zikuyandama. A Khansala atangogwira sizasi kuti adule riboni, mawu anamveka kuchokera tsidya lija.

"A Khansala! Basi yanga ija yafika?"

Anali mayi Telala, mtolo wa mayunifolomu uli pamutu. Thupi lawo silinali loti mphepo n'kuligwedeza.

"Mayi, imeneyo tikaikambirana ku komiti."

"Sukulu ikufuna mayunifolomuwa lero, apo ayi ntchito ipita kwa wina. Munalonjeza msana. Ameta, ndikunama?"

"Manja anali otanganidwa," anayankha wometa, "koma makutu anali pabwalo."

Wojambula anatembenuza kamera. A Khansala anayang'ana akuluakulu aja, koma onse anali atayamba kuwerenga chikwangwani mwachidwi. Chisankho chinali pafupi. A Khansala anavula nsapato, napinda buluku, nalowa m'madzi.

Pobwerera, mayi Telala ali kumsana ankalangiza: "Pang'onopang'ono, adalaivala, katunduyu ndi wa eni."

Atawatsitsa, a Khansala anacheuka ali wefuwefu. Tsidya lija kunali kutandanda mzere: wamakala ndi thumba lake, amayi awiri oyembekezera, ndi wowotcherera zitsulo atasenza felemu ya chitseko.

A Khansala anapita pachikwangwani chija n'kuchigwedeza. Simenti yake inagulidwa ndi komiti, motero sichinavute kuzuka. Anachigoneka pangalande, ndipo chinakwana ndendende.

Woyamba kuwoloka anali wamakala. Anaponda nkhope ya pachikwangwani ija pamphuno penipeni.

"Mlatho watha, bwana," anatero wometa. "Mwangochedwa ndi mvula imodzi."

Akuluakulu anawomba m'manja, wojambula najambula.