Buku la Makadi Pamphasa ya Ankhoswe

Achimwene anga a Lazarus atabwerako ku Joni, komwe anakhala zaka khumi ndi ziwiri akuthyola malalanje m'mafamu, tonse tinkayembekezera kuti m'chikwama mutuluka mabulangete. Munatuluka jekete imodzi, wailesi yakufa, ndi buku lonenepa la Chingerezi lophunzitsa masewera a makadi otchedwa poka. Bukulo analikutira ndi pulasitiki ngati Baibulo la akatekisiti, ndipo m'mbali mwa masamba anadzazamo zolemba zawo za bolopeni yofiira.

Masana aliwonse ankakhala pakhonde la golosale ya a Abbas pa Tsangano n'kumaphunzitsa anzawo. A Abbas analetsa juga pakhonde pawo, choncho ankasewerera zitsekerero za mabotolo. Achimwene ankati chofunika si makadi amene wagwira, koma munthu amene wakhala patsogolo pako. "Woyang'ana pansi ndiye kuti akubisa kanthu," ankatero akugogoda bukulo. "Wochedwa kuyankha akufuna uganize kuti ali ndi zambiri. Ukaona kuti mnzako akungokuopseza m'manja alibe kanthu, iwe muopseze koposa, ataya makadi yekha." Kuwina ankawinadi, ndisawanamizire. Zitsekerero zinadzaza ndowa yanga yotungira madzi.

Ine zonsezi sizinkandikhudza mpaka pamene Mfundo anapeza mbeta. Mfundo ndi mwana wa malemu achemwali anga. Ndinamutenga ali ndi zaka zinayi ndipo ndamulera ngati wobala ndekha. Ndi munthu wofatsa mopitirira, amagulitsa kachewere pamsewu, ndipo zaka makumi atatu zinakwana asanatchulepo dzina la mkazi. Tsiku limene anandiuza za Tisungane wa ku Nzama, akukanda m'mutu ngati wapalamula, ndinakavina ndekha kuseri kwa khola. Malume ake ndi a Lazarus, ndiye nkhoswe sakanakhala wina. Ine ndinati ndiwaperekeza, chifukwa mtima sunali m'malo.

"Achimwene, bukulo mulisiye kunyumba," ndinawapempha m'mawa wa ulendowo.

"Lili m'mutu, chemwali," anatero. M'mutu linalimodi, koma m'thumba la jekete linalimonso.

Tinafika ku Nzama pa njinga zamoto dzuwa lisanawawe. Anatilandira malume ake a Tisungane, a Maliro, mkulu wochepa thupi, waimvi, wotsokomola pafupipafupi. Anatiyalira mphasa pansi pa mtengo wa mapichesi. Achimwene anavula nsapato, anaika chipewa pambali, ndipo atamwa thobwa pang'ono anayamba bwino kwambiri mpaka ine ndinanyada.

"Kwathu kuli tambala, wakula," anatero. "Poyendayenda waona msoti pakhomo pano. Ndiye tati tisabe, tidzapemphe kwa eni ake."

A Maliro anaitana Tisungane. Anabwera n'kugwada chapatali, maso pansi, akutokosa dothi ndi kamtengo.

"Anthu awa ukudziwa kumene achokera?" anamufunsa.

Panapita nthawi. Kenako anabisa pakamwa ndi nsonga ya chitenje n'kuyankha motsitsa kuti, "Ndikudziwa." Achimwene anandigunda ndi chigongono.

A Maliro nawo sanafulumire. Anayang'ana nkhuku zimene zinkadutsa, anatsokomola, kenako anati, "Tamva. Koma msoti si wa munthu mmodzi. Pitani, ife tikhale kaye pansi ndi abale. Mubwerenso pakatha masabata awiri."

Aliyense wokulira kuno akudziwa kuti ndi mmene zimakhalira. Palibe amene amavomera tsiku loyamba, anthu angati mwanayo anatopa naye. Mtsikana naye sayang'ana apongozi m'maso. Ine mumtima ndinali nditayamba kale kuimba. Koma achimwene anali asanakhalepo pamphasa ya ankhoswe chibadwire. Ukwati wawo anawayendera ndi ena iwo ali ku Joni.

"Waona?" anandinong'oneza. "Mtsikana wayang'ana pansi. Mkuluyu wachedwa kuyankha. Akungotiopseza awa, m'manja alibe kanthu. Ona izi."

Ndisanawagwire jekete, anali ataimirira.

"A Maliro, ife nthawi yobwererabwerera tilibe," anatero ndi mawu amene amalankhulira pakhonde la a Abbas. "Ku Mlangeni kuli banja lina likumufuna mnyamatayu, ndipo akutidikira lero lomwe. Ngati yankho palibe lero, tsalani bwino."

Ku Mlangeni kunalibe banja, kunalibe mbeta, ngakhale mbuzi yotidziwa kunalibe. Amayi amene ankasenda nyemba pakhonde anasiya. Tisungane anadzutsa mutu kwa nthawi yoyamba n'kutiyang'ana m'maso, misozi ili lengelenge. Ndinaganiza za Mfundo, amene ndinamusiya pamsewu atavala malaya a kutchalitchi tsiku la Loweruka, foni ili m'manja. Ndinachita mantha, ndinachitanso manyazi, ndipo ndinalakalaka nditawamenya achimwene ndi buku lawo lomwelo.

A Maliro anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Mapanga awiri avumbwitsa," anatero modekha. "Pitani ku Mlangeni, musawachedwetse. Njira ndi yomwe munadzera ija."

Achimwene anangoti njo. Anaima pamphasapo ndi masokosi okha, chala chachikulu chitasuzumira pachibowo.

Ine ndinagwada n'kuyamba kuwomba m'manja. "Pepani, bambo, pepani ndithu. Ku Mlangeni kulibe munthu. Mwana wanga sadziwa khomo lina koma lino. Musamulange pa zimene sanalankhule. Tisungane, mwana wanga, ndikulumbira pamanda a mayi ake a Mfundo. Chawalakwitsa achimwenewa ndi buku."

"Buku lanji?" anafunsa a Maliro.

"La makadi."

Mapewa a mkuluyo anayamba kugwedezeka, ndipo anaseka mpaka chifuwa chinawatsamwitsa, wina n'kuthamanga ndi madzi.

"Mayi, dzukani, maondo angapweteke," anatero akupukuta m'maso. "Ine ndinakhala zaka zisanu ndi zinayi kumigodi. Chifuwachi ndinachitenga komweko, makadinso ndinawaphunzira komweko. Munthu amene akupitadi amayamba wavala nsapato, ndiye n'kutsanzika. Awa atsanzika nsapato zili uko, chipewa chili apo, thobwa sanamalize, dzanja lili pathumba la jekete ngati muli dzira. Ndinadziwa asanamalize n'komwe kutchula Mlangeni." Anatembenukira kwa achimwene. "Kodi bukulo silinakuuzeni kuti muyambe mwadziwa mmene munthu amakhalira masiku onse, musanati akubisa kanthu?"

"Linanena," achimwene anayankha chapansipansi. "Mutu wachitatu."

"Nanga mwana woleredwa bwino wa kuno amayang'ana kuti akagwada pamaso pa apongozi?"

"Pansi."

"Khalani pansi inunso."

Achimwene anakhala, ndipo kwa nthawi yoyamba chibwerereni ku Joni ndinawaona akuwomba m'manja mopepesa, mutu uli chowerama. Amayi a pakhonde anayambanso kusenda nyemba, ena akuseka chobisa.

"Ine nkhani yanga yatha," anatero a Maliro. "Mukamabwera mudzatenge tambala weniweni, wa nthenga, wopepesera pakhomo pano. Koma amene mwamuliza si ine. Tisungane, wamva wekha. Anthuwa abwerenso, kapena tiwaonetse njira ya ku Mlangeni?"

Mtsikanayo anali akutiyang'anabe m'maso, ndipo ine, ngakhale sindinawerenge buku lililonse, ndinadziwa kuti maso amenewo si abwino. Anayang'ana achimwene nthawi yaitali. Anandiyang'ananso ine, fumbi lili m'maondo. Kenako anapukuta misozi ndi chitenje, anatola kamtengo kake kaja, n'kuweramitsa mutu pang'onopang'ono mpaka maso anabwerera pansi.

"Abwerenso," anatero motsitsa.

Ndinapuma ngati ndatula mtolo wa nkhuni wochokera nawo kuphiri. Ndinangokhala pamphasapo n'kumaseka misozi ikutsika. Thobwa lotsala la achimwene ndinamwa ndine, osapempha.

Potuluka, a Maliro anatiperekeza mpaka pamsewu. Ndinamva akuuza achimwene kuti tsiku la yankho adzabwere ndi makadi, bukulo adzalisiye, aone ngati zitsekerero za pa Tsangano zingadutse ku Nzama. Achimwene anangoti, "Zikomo, bambo," chipewa chili m'manja.

Tisanakwere njinga foni inalira. Anali Mfundo.

"Mayi, zayenda bwanji?"

"Akuti tibwerenso pakatha masabata awiri."

"Nanga iyeyo? Anakuyang'anani bwanji?"

"Sanatiyang'ane, mwana wanga," ndinatero. "Anayang'ana pansi."

Ndinamva akupumira m'mwamba, kenako akufuulira anzake a pamsewu kuti atenge kachewere yense wotsala, iye lero sagulitsanso.